Che Kasim Sankajambula Amphawi

Funsani Mmalawi aliyense amene anakhalako ku Durban zaka za m'ma 1990, akuuzani kuti Che Kasim, wojambula zithunzi wa pa Warwick Junction, sanajambulepo mmphawi. Osati ankawathamangitsa, ayi. Munthu ankafika nsapato zitayasama kukamwa, koma pachithunzi ankatuluka bwana.

Zida zawo zinali kamera, jekete limodzi lotuwa, tayi, wotchi yakufa ndi zitenje ziwiri. Pagulu ankakuwa Chizulu kuopa kudziwika kuti ndi obwera, koma akabisa nkhope kuseri kwa kamera Chichewa chinkatuluka monong'ona.

Anock, wodula nzimbe ku Tongaat, anali atangotha miyezi itatu m'dzikomo pamene anawapeza.

"Ndikufuna chithunzi chotumiza kwa amayi ku Balaka."

"Ndi manja amenewo? Alowetse m'thumba. Amayi ako akaona matuzawo sadya sabata yathunthu."

"Komatu wotchiyi siyikuyenda, Che Kasim."

"Pachithunzi chimayenda n'chiyani? Tsamira galimoto iyo mwini wake asanabwere."

Mwini wake anatulukira ndi chibonga, ndipo chithunzi chinatuluka Anock mwendo umodzi uli m'malere. Che Kasim sanatekeseke. Anangolemba kumbuyo kwake kuti: "Ndikuthamangira ku ofesi."

Tsiku lina kunabwera Loveness, wantchito zapakhomo, atavala thalauzi. Che Kasim anagwira pakamwa.

"Eish! Ukufuna apongozi ako akomoke? Kuno ndi Durban, mwana wanga, koma chithunzi chikupita ku Malawi." Anamukulunga chitenje mpaka mu akakolo, namuuza kuti ayang'ane pansi ngati akupereka moni kwa akulu.

Jekete lija linazungulira Mangochi yense ndi Machinga, mpaka bambo wina analemba kalata kufunsa ngati boma la kumeneko limagawira Amalawi yunifolomu.

Koma chithunzi chikapita sichibwerera chokha. Patatha zaka zinayi Anock anali atatopa, chifuwa chikulira ndi utsi wa nzimbe. Ankafuna kwawo, koma amayi ake anali atauza mpingo wonse kuti mwana wawo ndi kalaliki. Loweruka lina anafika pa Warwick atavala ovolosi yake yamwaye, chikwanje chili m'manja.

"Ndijambuleni mmene ndililimu. Adziwiretu ndisanafike."

Che Kasim anakhala pa kireti.

"Ine ndinajambulitsa kamodzi kokha," anatero. "Ndinaima pakhomo pa sitolo ya Mmwenye wina n'kulemba kuti ndi yanga. Bambo anga anachipachika pabalaza, alendo onse ankaonetsedwa. Bambowo atamwalira sindinapite. Mkazi wanga anadikira mpaka anakwatiwanso. Ndikanafika bwanji ndi kachikwama kamodzi, mwini sitolo?"

"Ndiye mukundikaniza?"

"Imirira bwino. Chikwanjecho chikweze, chioneke."

Chithunzicho Anock anapita nacho ku positi katatu, katatu konse anabwerera nacho. Anachiika pansi pa sutikesi.

Che Kasim anagwa n'kumwalira ali pantchito m'chilimwe cha 1998, ndipo Asilamu anzawo anawaika tsiku lomwelo m'manda a ku Durban konko. Atafufuza m'kachipinda kawo kuti apeze chithunzi chotumiza kwa abale ku Mangochi, anapeza nkhope za anthu mazanamazana, koma ya mwini wake munalibe.

Pamalo pawo paja tsopano pali mayi wophika mitu ya ng'ombe. Teksi zikulizabe mahutala, onyamula katundu akukankhana monga kale, koma Amalawi amangodutsapo mofulumira, palibe choimira. Anock akadali ku Tongaat. Mwezi wathawu analandira kalata ya amayi ake: "Mwana wanga, bwanji masiku ano sutumizanso zithunzi? Kapena wanenepa kwambiri, ukuchita manyazi?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Atatembenuka kuti auzeko wina, anapeza ali yekha.