Polishi wa Gervazio

Inu, tamverani zimene zinamugwera Gervazio, mkulu wa ku Balaka amene ankakolopa pa fakitale ina ku Coolock, mumzinda wa Dublin. Munthuyu ankagona pa sofa ya msuweni wake Macdonald ku Finglas, miyendo ikulendewera. Chipinda anachipeza ku Rathmines, koma mwini nyumba ananenetsa kuti waganyu samupatsa kiyi, abwere akalembedwa ntchito yokhazikika.

Ndiye mwayi unagogoda. Boma, pofuna kudzutsa mafakitale a dera limenelo, linagulira kampaniyo maloboti a mateyala, oyenda okha, onyamula tizitsulo timene fakitaleyo inkapanga, toika m'chiuno mwa okalamba. Nduna inkabwera kudzawaona, ndipo bwana analonjeza Gervazio kuti mwambo ukayenda bwino amulemba ntchito.

Gervazio anayang'ana simenti ya m'fakitalemo n'kugwira pakamwa. Yotuwa mbuu! Mlendo waulemu adzaponde pamenepa? Kwawo, ngakhale kukubwera katekisiti chabe, pansi pamapakidwa polishi mpaka munthu kudziona mano. Anawamvera chisoni eni dziko: ndalama ali nazo, koma kulandira alendo sanaphunzitsidwe.

"Ase, manager wakuuza zopolisha?" anafunsa Macdonald ataona zitini.

"Zaulemu mpaka achite kundiuza? Ine ndinaleredwa."

Anapaka polishi wofiira chogwada, kona ndi kona, kenako n'kupukuta ndi bulangete lakale kumapazi, akuvina.

Tsiku litafika nduna inadina batani. Loboti yoyamba inanyamuka mwaulemu, koma itafika pokhota inakana kukhota. Inapita chammbali ikuzungulira, inzake pambuyo, tizitsulo tili mbwee pansi. Bwana anati athamange akazimitse, nsapato zinamutsogolera. Nduna, pofuna kumudzutsa, nayonso inakhala pansi, ndipo inatsetsereka chokhala chomwecho, mosapupuluma, tayi ali paphewa, mpaka kukaima pamapazi pa Gervazio. Iye anagwada, manja pamodzi.

"Mwafika, bwana," anatero.

Andale mawu sawathera. Idakali pansi pomwepo, ndunayo inalengeza kuti izi zaonetsa poyera kuti fakitale yamakono siyenera kukolopedwa ndi manja, choncho boma liwonjezera thandizo. Anthu anawomba m'manja. Gervazio anawomba kuposa onse, mpaka pamene mutu unamuuza kuti manja akunenedwawo ndi omwe akuwombawo.

Makina okolopa atafika, ganyu inathera pomwepo, ndipo mwini nyumba wa ku Rathmines anasiya kuyankha foni. Zinamuwawa Gervazio, osati pang'ono. Anzake a kuntchito, poti ankamukonda, makinawo anawatcha dzina lake, ndipo kampani inawamangira kachipinda kofunda, ka windo, kokiya bwinobwino.

Macdonald atamva anamusisita paphewa.

"Osadandaula, msuweni. Bola Gervazio mmodzi wapeza room mu Dublin muno, rent likulipira ndi boma."