Kabedi ka Mota Kakudikira Mwiniwake

Mawa 10 koloko m'mawa akufuna kugoneka mwana wanga wa miyezi isanu m'kabedi kokhala ndi mota. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukatopa kuwerenga mukhale mutazimva kale.

Kwa Bwana Mkulu wa Ofesi Yosangalatsa Abambo Opuma Ntchito,

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba nditagwada. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukapeza mawu opindika muwongole nokha, inu ophunzira. Kalatayi ndaimata pachitseko cha ofesi yanu chifukwa ziwiri zoyamba ndinaponya m'kabokosi ka madandaulo, ndipo mlonda wanu wandiuza kuti kiyi wake anatayika chaka chatha.

Choyamba ndithokoze. Apongozi anga aamuna atapuma ntchito ku positi ofesi, ankangokhala pakhonde ngati kalata yopanda keyala. M'mawa ankavala tayi, n'kukhala kuyang'ana geti mpaka dzuwa kupendeka. Inu munatsegula Shedi kuti madala azikapala matabwa ndi kucheza. Lero amadzuka akuimba mluzu, ali ndi anzawo, amabwera utuchi uli m'makutu. Mulungu akudalitseni.

Ndithokozenso kuti munabwera nokha kudzadula riboni. Munanyamula hamala kuti akujambuleni, ndipo tonse tinaphunzira kuti anthu akuluakulu amaigwira chakumutu. Munasiya macheka ndi misomali, n'kulonjeza kuti kalipentala wowaphunzitsa afika Lolemba. Simunatchule Lolemba lake, ndiye palibe angakunenereni kuti munanama.

Tsopano timadandaulo tanga, tating'ono poyerekeza ndi ntchito zanu.

1. Popanda mphunzitsi, dala aliyense akupala matabwa mmene ankagwirira ntchito yake yakale. Anagwirizana zopangira mdzukulu wa apongozi anga kabedi. A Makiyi, amene anayang'anira akaidi zaka makumi atatu, aika zitsulo kuzungulira, chitseko pamwamba, ndi loko. Akuti palibe anathawapo m'manja mwawo. Bwana, mwanayo sanayambe n'kukwawa komwe.

2. A Mabuleki, amene ankakonza sitima zapamtunda, akuti kugwedeza mwana ndi dzanja n'kwachikale. Amangirira pansi pake mota ya makina ochapira zovala. Ili ndi magiya atatu, ndipo lachitatu ndi lija lofinyira. Choimitsira akuti akuchiganizirabe.

3. Lachisanu anakayesa ndi thumba la mchenga lolemera ngati mwana, ataliveka chipewa cha mwana wanga kuti zioneke zenizeni. Ndinaona ndi maso angawa, nditawapititsira tiyi. A Makiyi anaiwala kutseka loko. Thumba linatulukira pazenera n'kukatera padenga la telala wa tsidya la msewu. Madala onse anawomba m'manja. Apongozi anga anagwetsa misozi, akuti chibadwireni sanapangepo chinthu choyenda chokha. Chipewacho chidakali padengapo.

4. Ili ndiye landisowetsa mtendere. Pakhoma munapachika malamulo anu, ndipo lachisanu ndi chiwiri likuti chinthu chilichonse chisanatuluke m'Shedi chiyesedwe ndi mwiniwake. Ndikudziwa kuti inu munkaganiza za mipando. Koma madalawa akalambira m'maofesi, pepala likakhala ndi chidindo salipinda. Apongozi akuti thumba si mwiniwake. Alemba kale dzina la mwana pafomu, ndipo posainira akuti adzamudinditsa chala.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangokana. Bwana, inunso muli ndi apongozi. Ine powapatsa madzi ndimagwada, maso pansi. Pakamwa pomwepa pangatuluke bwanji mawu oti ntchito ya manja anu indiphera mwana? Ndinayesa kunama kuti ali ndi chimfine, iwo akuti kamphepo ka mota kamutsegula m'mphuno. Ndinauza bambo a mwana, iwo anangogwira tsaya. Akuti bambo awo ayamba kuseka koyamba chimwalirireni amayi, ndisawabwezere pakhonde paja. Ndipo sakunama. Ine ndi amene ndinkachotsa mbale ya apongoziwo yosakhudzidwa masiku amenewo. Shediyo musaitseke, chonde. Mukaitseka mwandipulumutsira mwana, koma mwandiphera agogo ake.

Ndiye dzulo ndinaima pakhomo la Shedi n'kuwerenga chikwangwani chachitsulo munakhomera chija, pang'onopang'ono, chala pa chilembo chilichonse. Chikuti Shedi ino ndi zonse za m'katimo ndi katundu wa ofesi yanu, ndipo pansi pali dzina lanu m'zilembo zazikulu kuposa zonse. Mutu wanga ndi wochepa, koma ukundiuza kuti kabediko kadakali m'katimo. Choncho mwiniwake ndinu, Bwana.

Ndinatuma alamu anga kuti akawafotokozere apongozi mwaulemu. Madala anakhala pamsonkhano masana onse, ndipo avomera kuti lamulo ndi lamulo. Koma akuti mwiniwake akapanda kufika pa nthawi yake, amene ali pafomu ndiye alowe. Asangalala kwambiri kuti muwayendera. A Makiyi ayamba kale kukulitsa chitseko, poti akukumbukira msinkhu wanu ndi mimba yaulemerero ija, ndipo a Mabuleki akuti kwa munthu ngati inu ayambira giya lachitatu.

Ngati udindo wanu sukulola kugona m'kabedi ka khanda, ndikumvetsa. Tumizani munthu wodziwa matabwa adzamasule motayo mosachititsa madala manyazi, awayamikire zitsulo zawo, awasonyeze mmene kabedi amakapangira. Koma wina abwere. Mwana ndamubereka kumsana chiyambire dzulo, sindikumutsitsa, ndipo apongozi andipempha kale kuti mawa ndimuveke zoyera.

Bwerani, Bwana, bwerani msanga, 10 koloko isanakwane. Ndipo musadye zambiri m'mawa.

Ine wanu wosayenera kukulemberani,

Mayi wa mwana wolembedwa pafomu