Kachilembo Kamene Katsekera Mkazi Wanga M'nyumba

Kwa Wapampando wa kampani ya nyumba zathu, Gävle

Bwana wolemekezeka,

Ndine Ragnar Ödlund, nkhalamba ya pansanjika yachisanu ndi chimodzi. Ndinaphunzitsa Chiswidishi zaka 38, koma mneni wochitidwa ndamudziwira kwa inu, pa zikalata zimene mumamata pachitseko cha chikepe chathu chakufachi. Landirani kuthokoza kwanga.

Choyamba, pa 3 Novembala munalemba kuti "Hissen lagas", chikepe chikukonzedwa. Ine ana ndinkawauza kuti ukaika "s" kumapeto kwa mneni, wogwira ntchitoyo amabisala. Zoti angabisale milungu khumi ndi iwiri sindinkazidziwa.

Chachiwiri, mkazi wanga Gunvor amayendera njinga ya olumala, ndipo chifereni chikepecho sanapondeko pansi. Mu Disembala mng'ono wake Majken anamwalira. Gunvor anavala zakuda, nakhala kukhitchini, maliro n'kuonera pafoni. Ndinakulemberani ndili ndi ukali, pepani. Munayankha mwaulemu kuti "Det beklagas", zadandaulidwa. Nditamuwerengera, Gunvor anati, "Wadandaulayo ndani, Ragnar? Mufufuze abwere adzamwe khofi, munthu asamadandaule yekhayekha."

Chachitatu, ndinabwera kuofesi kwanu, sinowo, chipale chofewa chija, akulekeza m'mawondo. Mayi wa pakhomo anati, "Nkhani yanu ikuunikidwa, bambo." Ndinati, "Akuunikayo ndani, mayi?" Anati, "Zimenezo sizinenedwa." Antchito anu mwawaphunzitsa, bwana! Ofesi yonseyo, anthu ali pikitipikiti m'makonde, koma palibe ndi mmodzi yemwe wochita kanthu. Zinthu zimangoganiziridwa, kulembedwa, n'kuiwalidwa zokha.

Kwatsala lamulo limodzi lokha limene mwina linakudutsani kusukulu: mneni wochitidwa amalola kutchula wochitayo, ukangowonjezera kamawu kotanthauza "ndi", kakuti "av". Si mlandu, ndipo sikapweteka.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Lachinayi 10 koloko m'mawa Gunvor akufunika kwa dokotala wa mtima, ndipo tsikuli talisuntha kale kawiri. Masitepe alipo 96. Ine wa zaka 79 ndidzagwira kumbuyo kwa njingayo, kutsogolo kukusowa munthu. Posafuna kukutopetsani, chikalata cha sabata ino ndalemba ndekha, ndamata kale pachitseko paja, ndipo anansi onse awerenga: "Gunvor adzatsitsidwa ndi Wapampando."

Mudzavale nsapato zosaterera.

Ine wanu wonyalanyazidwa,
Ragnar Ödlund