Tambala wa pa simbi ya malume

Abale, manyazi amene ndinawaona ku lokeshoni ya Alex, mpaka lero ndikaona ndowa ndimayang'ana kumbali.

Chisomo, chibwenzi changa, ali ndi malume ake, a Mbewe, madala amene anagwira ku migodi kalekale. Popanda iwo kuvomera, ukwati panalibe. Loweruka lina nditapita kukawaona, ndinapeza akupukuta simbi yamakala, ija yokhala ndi katambala pamwamba. Dzimbiri lokhalokha.

"Inali ya malemu azakhali ake a Chisomo," anatero.

Ine kufuna kutchuka. "Malume, iyi ndi simple! Ndiichotsa dzimbiri ndi magetsi."

"Magetsi?"

"Electrolysis, malume. Sayansi!"

Ndinali nditangoonera pa foni. Umathira washing soda mu ndowa ya madzi, waya wakuda wa chaja ya batire kumangirira pa chinthu chako, wofiira pa chitsulo chotaya. Chotayacho chimadyeka, chako n'kuyera. Ndinatola mwendo wa bedi pa dzala, n'kumangirira mawaya kwinaku ndikuyang'ana ngati Chisomo akundiona.

Madzi anayamba kuwira. Posakhalitsa anafiira, thovu lili pamwamba.

"Mwaona? Dzimbiri likutuluka limenelo!"

"Eish, silikuchuluka?" anafunsa Chisomo.

"Likachuluka ndiye bho. Isiyeni mpaka mawa."

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, malume anaitana anzawo a pa yadi kuti adzaone mkamwini wa sayansi. Madzi anali ngati chithaphwi cha mu Januwale. Ndinapinda malaya, n'kupisa dzanja.

Ndinayamba ndi kutulutsa mwendo wa bedi. Woyera bwino, dzimbiri lonse litayoyoka! Ndinali nditasemphanitsa mawaya.

Kenako simbi. Mayo ine! Thupi lonse zibowozibowo, tambala wopanda mlomo, wofooka ngati wadwala chitopa. Ndinalakalaka nditalowa mu ndowamo.

Malume anaitembenuza simbiyo, n'kusisita tambala ndi chala. Kenako ananyamula mwendo wa bedi, kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Uwu ndiye mwaukonza bwino. Ndi wa ndani?"

"Wa pa dzala, malume."

Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Mwanayu mutengeni, poti akukufunani. Koma chonde bambo, mukaona penapake pomuvuta, musamukonze. Mudzangotibwezera ali choncho."

Yadi yonse inafa ndi phwete, Chisomo ali patsogolo.

Mukafuna kuonetsa nzeru kuchikamwini, yambani mwayesera pa katundu wanu.