Mkulu wotsonya pa konsati ya Meena

Nkhani iyi amayi a kwaya kutchalitchi akaimva, ine mu South Bend muno, kuno ku Amereka, ndisamukamo. Koma poti amuna anga, bambo a Tadala, ayamba kale kuifalitsa mothira mchere, bola muimve kwa mwini wakene.

Ndimagwira ntchito ya unesi limodzi ndi Kavitha, mayi wachiTamil wochokera kumwera kwa India. Mwana wake Meena wakulira m'maso mwanga, amanditchula anti. Nyimbo zachikale za kwawo anayamba kuphunzira ali wamng'ono, ndipo Loweruka lina anamukonzera zoti aimbe yekha koyamba pagulu ku Indianapolis. Mwanayo anali ndi mantha. Anandinong'oneza kuti zikakanika tsiku limenelo, kuimba asiya.

"Usadandaule, ine ndidzakhala pompo," ndinatero modzithemba.

Tsikulo Meena anakhala pasiteji atapinda miyendo, maluwa oyera kumutu. Mbali ina kunali wang'oma yogoneka pamiyendo, mbali ina wavayolini. Atangotsegula pakamwa, thupi langa linachita tsembwe. Mawu sindinkamva ngakhale limodzi, koma kukoma sikufuna womasulira.

Ndiye ndinamuona. Mzere wakutsogolo, mkulu wina waimvi atatsinzina, akupukusa mutu. Kenako anamenya ntchafu n'kutembenuza chikhatho m'mwamba, muja timachitira pofunsa kuti zimenezi ndiye ziti. Meena atakoka mawu aatali okoma zedi, mkuluyo anatsonya. Kutsonya kwenikweni, komveka mpaka mzere wathu.

"Bambo a Tadala, mwamva?"

"Ndamva. Takhalani chete."

"Akumutsonya mwana."

"Si zathu izi, mayi. Ife tabwera kudzasapota basi."

Matendawo anafalikira. Azimayi ovala bwinobwino nawonso mitu pukupuku, zikhatho tembenutembenu, uku wina tso, uko wina tso. Nditacheuka ndinaona Kavitha akupukuta misozi. Mtima wanga unawira. Kumuitanira anthu mwana wako kuti adzamunyoze pamaso pako?

Ndinaimirira n'kumasula nthungululu ya pa chinkhoswe, yaitali, yopanda mabuleki. Wavayolini anadzidzimuka, uta n'kuterereka. Meena anakweza maso, anamwetulira pang'ono, n'kupitiriza. Ine mumtima ndinati waona, thandizo lafika.

Itakwana nthawi yoti wang'oma aonetse luso lake yekha, anthu ena anatuluka kukawongola miyendo. Ine ndinalunjika kwa mkulu uja, bambo a Tadala akundikoka dilesi kumbuyo. Ndinatulutsa Chingerezi chimene ndimasungira odwala okana mankhwala.

"Bambo, ngati simukukondwa, chitseko ndi icho. Uyu ndi mwana. Inuyo munaimbapo pagulu?"

Anandiyang'ana modabwa. "Pang'ono," anatero mofatsa.

Kavitha anafika akuthamanga. "Grace! Awa ndi aphunzitsi a Meena."

Anandikokera pambali n'kundifotokozera mofulumira. Kwawo wopukusa mutu ndiye kuti nyimbo yamulowa m'mafupa. Kumenya ntchafu n'kutembenuza chikhatho ndi kusunga kagundidwe ka nyimbo pamodzi ndi woimbayo. Ndipo kutsonya kuja ndi kwa munthu amene kukoma kwamuthera mawu.

"Chiyambireni kumuphunzitsa sanamuchitirepo zimenezi," anatero Kavitha. "Lero ndi koyamba. Ukuganiza ndikulirira chiyani?"

Manyazi anandigwira moti ndinasowa poika nkhope. Ndinabwerera kwa mkulu uja n'kugwada mwachimalawi, pepani ali mbwee. Iye ankangoseka, mapewa akugwedera.

"Dzukani, mayi. Mwana wokhala ndi womumenyera nkhondo chonchi ndi wamwayi. Koma kaphokoso kanu kaja munakaponya pakati pa nyimbo. Mukasungire kumapeto."

Ndinamvera. Nyimbo zotsalazo ndinapukusa mutu mpaka khosi kuwawa, ndipo pomaliza penipeni ndinalulutira, azimayi angapo n'kuyesera kunditsatira. Meena atatsika anagwira mapazi a aphunzitsi ake monga mwa mwambo wawo, kenako anadzandikumbatira.

"Anti, munamva? Ananditsonya! Sindisiya."

Pobwerera, bambo a Tadala anayendetsa galimoto mpaka titatuluka mu mzinda. Kenako anakhosomola.

"Mayi a Tadala, ndifunse nawo. Ndiye kuti zaka zonsezi mukamanditsonya kunyumba, mumakhala mukundiyamikira?"

Ndinawatsonya pomwepo, ndipo iwo anati zikomo.

Ukapita kwa eni ake, uziyamba wafunsa ngati kuli ndewu usanavule nsapato kuti ukaleretse.