Zikomo Bwana Chifukwa cha Muvi Wophethira wa ku Bindura

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Maloboti ndi Mphambano za Misewu,

Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ndine Kaitano Pensulo wa kuno ku Bindura, nkhalamba yomwe inasiya mphamvu zake pansi pa mgodi wa ku Madziwa. Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Dedza, ndipo chuma chomwe anandisiyira ndi ulemu basi. Ndalemba m'chinenero cha makolo podziwa kuti inu, amene mumamva ngakhale chinenero cha maloboti a kunja, Chinyanja cha pakomboni sichingakuvuteni. Musaganize kuti ndikudandaula. Ine ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha loboti yatsopano imene munatiikira pamphambano yokhotera kuchipatala. Ife mbuli tinazolowera mitundu itatu: yofiira ima, yobiriwira pita, yachikasu konzeka. Inu mwa nzeru zanu munationjezera muvi wachikasu woloza kumanzere, umene umaphethira ngati diso lolowedwa kachitsotso. Tsiku lotsegulira munadula riboni, munalankhula za chitukuko mpaka ana anagona kumsana, kenaka munapita. Tanthauzo la muviwo munapita nalo m'galimoto yanu, ndipo munachita bwino, chifukwa kuno akuba ndi ambiri.

Chachiwiri, zikomo potipatsa ufulu wa maganizo. Pano aliyense ali ndi tanthauzo lake. Madalaivala a makombi, maminibasi athu ano, amati muviwo ukutanthauza kuti fulumira usanazime. Oyendetsa malole a miyala ya kumigodi amati muvi ndi wa tigalimoto tating'ono, iwo sukuwakhudza. Abusa a mpingo wathu analalikira kuti ndi chizindikiro cha masiku otsiriza, popeza kumanzere n'kumene kudzaime mbuzi pa tsiku lachiweruzo. Kuyambira pamenepo mkulu wa mpingo wina amakhotera kumanja katatu kuti akafike kumene akanafika atakhotera kumanzere kamodzi.

Chachitatu, zikomo posamala magetsi. Mvula yoyamba itangogwa, nyali yofiira ndi yobiriwira zinapuma pantchito. Muvi wokha ndiwo unatsala, ndipo sunajombepo.

Koma chachikulu, Bwana, ndi chachinayi, ndipo pamenepa mundilole ndifotokoze bwino.

Mwana wanga wamkazi Yunike anali woyembekezera mwana wake woyamba. Loweruka lina m'mawa nthawi yake inakwana. Amayi ake anali atapita kumaliro ku Wadzanai, choncho ine ndi amene ndinakwera nawo kagalimoto ka mkamwini wanga Maxwell, Yunike ali kumbuyo akubuula. Tsono Maxwell ndi munthu woopa lamulo kuposa mkango. Anamvapo pa wailesi kuti muvi wophethira umatanthauza kupatsa ena njira, n'kukhota pokhapokha mpata ukapezeka. Atafika pa loboti yanu anaima, n'kuyamba kupatsa.

Anapatsa malole. Anapatsa makombi. Anapatsa ngolo ya ng'ombe, anapatsa mayi wokankha wilibala ya kabichi, anapatsanso galu amene sankafuna n'komwe kuwoloka. Ine ndinati, “Akamwini, khotani!” Iye, thukuta lili kamukamu, anati, “Baba, muvi ukuti ndidikire mpata.” Zimene anayankha Yunike kumbuyoko sindingazilembe kwa munthu waulemu ngati inu. Anazinena m'Chinyanja, anazibwereza m'Chishona, n'kumalizira ndi Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, chimene sindinkadziwa kuti anachitola pakamwa panga ali mwana.

Mpata utaoneka, kombi imene inali kumbuyo kwathu inatopa, inatidutsa m'mphepete kuti ikhote muvi usanazime, ndipo inakumana mphuno ndi mphuno ndi lole ya miyala. Sizinagundane ayi. Zinangoima n'kutseka msewu wonse, madalaivala n'kutsika kukaphunzitsana tanthauzo la muvi, aliyense akuloza muvi womwewo ngati mboni yake. Kutsogolo kunatsekeka, kumbuyo kunadzaza. Chipatala tinkachiona denga.

Apa ndi pamene ndinaona kuzama kwa mapulani anu. Munaika lobotiyo pafupi ndi amayi ogulitsa malonda. Mayi Shahida, amene amagulitsa samusa pamenepo, anasuzumira pawindo n'kunena kuti, “Amuna inu tulukani, mwanayu sadikira mpata.” Anaitana mnzawo wogulitsa tomato, Mai Ruvarashe, anasamba m'manja ndi madzi owazira ndiwo zamasamba, ndipo ine ndi Maxwell anatipatsa nsalu kuti titchinge mawindo titafulatira. Ndinaima pakati pa msewu, manja m'mwamba, nditagwira nsalu ya mayi wa eni, ndikuyang'anizana ndi muvi wanu.

Yunike anakuwa mpaka madalaivala aja analeka kukangana. Kenaka kunangoti zii. Ndinamva Mayi Shahida akupemphera chapansipansi m'Chiarabu, Mai Ruvarashe akupemphera m'Chishona, koma kulira kwa mwana sindinakumve. Maxwell nsalu inali pafupi kumupulumuka. Kondakitala wa kombi ija, munthu amene pakamwa pake sipatsekeka, anavula kapusi. Ndinayiwala ulemu wonse wa bambo anga, ndipo ndikupepesa, chifukwa mumtima ndinakutchulani mayina amene si anu.

Mwadzidzidzi mwana anati ng'aa! Malole analiza mahutala, amayi analulutira, anthu a m'kombi anafuula “Makorokoto!”, mafuno abwino a m'Chishona, ndipo dalaivala wa lole, misozi ili m'maso, anabwerera m'mbuyo yekha osafunsa muvi. Kuchipatala anatiuza kuti mwanayo anabadwa mchombo utamukulunga m'khosi, ndipo zala za Mayi Shahida ndizo zinamumasula. Onse awiri ali bwino. Ndi mwana wamwamuna. Bambo ake anamutcha Kudakwashe, koma tauni yonse imamutcha Roboti, ndipo zikuoneka kuti dzina la tauni ndilo lapambana.

Ndamva mphekesera yoti mukufuna kuika mivi ina pamphambano zonse za m'boma lino. Mulungu akupatseni mphamvu. Ine pempho langa ndi laling'ono, chifukwa mkazi wa mwana wanga wamwamuna nayenso akuyembekezera, ndipo njira ya kuchipatala ndi yomweyi. Sindikupempha kuti mukonze nyali zinafa zija. Ndikudziwa kuti zimenezo zimafuna misonkhano ya kunyanja ya Kariba. Sindikupemphanso kuti mutume munthu kudzatiuza zimene muvi umanena. Chinsinsi cha boma chikhale cha boma. Ndikungopempha bedi limodzi, katani ndi chidebe cha madzi oyera pansi pa lobotiyo, komanso yunifolomu yoyera ya Mayi Shahida, kuti azigwira ntchito yanu akuoneka bwino.

Ndipo tsiku limene mudzafune kudzaona bedilo ndi maso anu, chonde dalaivala wanu mudzamupatse tchuthi. Mudzayendetse nokha, mudzadzere njira ya kukomboni, mudzakhotere kumanzere. Musadzaiwale kutenga kamba wa paulendo.

Ine kapolo wanu wodikira mpata,

Kaitano Pensulo,
Agogo ake a Roboti,
Bindura.