Zala za a Minga

A Minga ankalosera mphamvu ya konkire powerenga mabala a m'zala zawo. Sindikukokomeza. Ndinawaonerera zaka khumi ndi zinayi ndili pa tebulo langa lotayipira malipoti.

Kuntchito kwathu amaumba mitanda ya konkire yosakaniza ndi timawaya tachitsulo, tatifupi ngati timisomali. Ikauma amaikanikiza ndi makina mpaka ing'aluke mopendekeka cha kumapeto, kuti adziwe katundu amene ingasenze. A Minga analembedwa umesenjala basi. Koma anyamata akamaliza kuumba ankasamba m'manja n'kupita kukadya, chimphika chosakanizira chili phalaphala. Iwo ankapinda malaya n'kuchitsuka ndi manja. Sanatumidwe ndi munthu. Timawaya totsalira m'menemo tinkawabaya, dzina n'kubadwira pomwepo.

Tsiku loswa mtanda ankaima pakhomo, makalata ali kukhwapa, n'kutambasula dzanja.

"Uwu unandibaya kasanu ndi kawiri. Matani khumi sufika, wamasiye."

"Mwayamba ufiti wanu, madala?" woyendetsa makina ankatero.

"Mfiti ndi iwe, wodya n'kusiya mbale."

Mtanda uja, thyo! Matani asanu ndi anayi.

Anthu ankati a Minga akadutsa pafupi ndi maginito, zala zinkatsogola, mwiniwake n'kumatsatira. Alendo ankawapatsa moni wa dzanja kamodzi kokha. Ulendo wachiwiri ankangowomba m'manja chapatali.

Ndiye panali injiniya wathu wamkazi, amene anatha zaka zitatu akukonza masamu olosera pamene mtanda ungathyokere. Kunatsala mwezi umodzi kuti apereke buku la kafukufukuyo kwa omuyesa a kuyunivesite, koma kompyuta inkangolonjeza mphamvu zimene mitanda inalibe. Zikanakanika, zaka zitatuzo zikanapita m'madzi. Tsiku lina anakhala pafupi nane, maso ali psuu.

"Anti, ndalakwitsa pati?"

"Kawafunseni a Minga," ndinatero.

Anapita mwamanyazi. Anawapeza akumata masitampa.

"Mwanawe," iwo anati, "kompyuta yako imawerenga waya amene mwayeza pa sikelo. Ine ndimawerenga amene wakana kulowa. Akandibaya kwambiri, ndiye kuti wambiri watsala m'chimphika, mtanda wapita ndi njala."

"Koma watsala wochuluka bwanji, bambo? Mabala sindingawalembe m'buku."

A Minga anatsegula kabati ya makalata akale. Munali maenvulopu ogwiritsidwa kale ntchito, iliyonse ili ndi deti, iliyonse ili ndi waya wa tsiku limenelo. Ankautolera kuti usabaye amayi osesa, ndipo poti anali mesenjala, sankadziwa kusunga chinthu popanda envulopu.

Injiniya anayeza maenvulopu onse, nachotsera pa masamu ake. Manambala anagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Atakhoza, anawauza kuti awalemba patsamba lothokoza.

"Dzina langa likatani m'buku? Lidzangogwa tulo m'menemo. Undigulire magolovesi."

Anawagulira okhuthala. A Minga anawavala tsiku limodzi, n'kudandaula kuti zala zachita khungu. Kuyambira pamenepo magolovesiwo ankangonyamulira ketulo yotentha.

Anatisiya nyengo yozizira yapitayi, atadwala milungu iwiri. Kumaliro akazi awo anandiuza kuti madzulo aliwonse ankawazula timawaya ndi singano, akuwakalipira kuti ntchito si yawo, iwo n'kumayankha kuti, "Nanga ndi ya ndani?"

Funso limenelo mabwana analikhalira misonkhano itatu. Anatsegula mafayilo onse, napeza kuti kutsuka chimphika sikunalembedwe pa ntchito ya munthu aliyense. Potuluka mumsonkhano wachitatu, konkire inali itauma gwa m'chimphikamo.

Anyamata anagoba masiku anayi. Tsiku lachiwiri injiniya anavula jekete n'kutenga nyundo, woyendetsa makina naye anabwera wosaitanidwa. Kugogodako kunkamveka mpaka kugeti, kusokoneza mafoni ndi kutayipa kwanga komwe. Palibe anatseka chitseko.